Ubongo wa Agogo Anu Kunsi kwa Bedi

Iwe Tadala, tabweretsa kuno foni yakoyo ndione. Ubongo wa munthu ndi umenewu? Ukuuzunguza ndi chala chimodzi ngati ukutakasa phala la mwana. Chabwino, akusukulu ya unamwino akukuphunzitsani zamakono. Tauika m'manja mwangamu ndimve kulemera kwake. Sizitheka? Basi, bweza m'thumba ukhale pansi. Nawenso Chisomo, mwamuna wanga wopanda ndevu, leka kugenda nkhuku ndi zitsononkho, manja azitong'ola chimanga makutu ali kuno. Ana inu mwakhala mukundifunsa za zibenthu zadothi zili m'dengu pamwamba pa kabati, ndipo amayi anu anakuuzani kuti ndi zidole. Si zidole. Ndi m'mutu mwa agogo anu aamuna, a Ngozo, ndipo zinatsala pang'ono kundisamutsa pamudzi pano.

Ine kwathu ndi ku Kandeu. Kuno ku Nsipe ndinabwera pa chitengwa, ndiye kuti pansi mwakhalapa si pa makolo anga, ndi pa akuchimuna. Mkazi wa chitengwa amadya bwino pamene mwamuna wake ali ndi pakamwa pomunenera. Pakamwapo pakangotsekeka, anthu amayamba kumukumbutsa njira ya kwawo.

Ndinabwera ndi chitenje chimodzi ndi ntchito ya mayi anga, youmba. Mtapo tinkakatapa kudambo, kuusinja, kutolamo timiyala, kuukanda mpaka ufewe ngati khutu. Zida zake zinali zosagula: chitsononkho chosalazira kunja, chigoba cha nkhono chopalira m'kati, kansanza konyowa kokonzera mlomo, ndi nkhulungo yokulungizira. Mitsuko yanga inkafika mpaka ku Sharpevale pamitu ya anthu. Madzi a mumtsuko, ana inu, amazizira okha popanda magetsi, ndipo amanunkhira mvula yoyamba. Kenako kunabwera matipate. Anthu anavota, msika wa pamsewu unadzaza ndi zidebe zapulasitiki, zofiira ndi zabuluu, ndipo aliyense anasankha kumwa madzi onunkha nsapato yatsopano. Umenewo unali ufulu wawo. Ine ndinatsala ndi oumbitsa nkhali za mowa basi.

Agogo anu inu munawapeza ali chete pampando, ndiye mukuganiza kuti anabadwa ofatsa. Ayi ndithu. Anali munthu wolongolola, woti akasowa mnzake ankakambirana ndi khasu. Pa ngoma ankavina ndi chishango mpaka fumbi kufika m'mphuno mwa alendo, nyimbo akutsogolera okha. Tsiku lina m'mawa akukumba mbatatesi kudimba anangokhala pansi, n'kupendekeka ngati thumba losadzaza. Titawanyamula, dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinali zitafa, pakamwa patakhota. Mawu onse aja anapita, kunangotsala liwu limodzi lokha, lakuti eya. Mukawafunsa ngati akufuna madzi, eya. Mukawafunsa ngati akhuta, eya. Zaka zonse ndinkapempha Mulungu kuti mwamuna ameneyu tsiku lina adzandivomere chinthu osatsutsa, koma sindinkatanthauza choncho.

Malume anu a Gilibati nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku Blantyre, ndipo anati tipite nawo kuchipatala china chachikulu komwe kunali makina ojambula m'mutu. Tinakwera minibasi, mpando wa anthu atatu tinakhalapo asanu, dzanja lakufalo nditalifukata pamiyendo kuti lisapanikizidwe ndi dengu la tomato la mayi wina. Tinawoloka pa Zalewa dzuwa lili pamutu. Makinawo ndinawaona ndi maso angawa: chimphika chachikulu choyera chogonekedwa cham'mbali, agogo anu n'kuwalowetsamo mutu. Mlomo wake unali wosalala bwino, amene anauumba ankadziwa ntchito. Adokotala anayankhula Chingerezi nthawi yaitali ndithu ndi a Gilibati. Nditafunsa kuti akuti chiyani, mwana wangayo anati, “Akuti ndi bipi, amayi.” Chingerezi chonse chija chinabala mawu amenewo. Anatipatsa mankhwala ndi envulopu yaikulu, m'kati muli chipepala chakuda cholimba, tinabwerera.

Tsopano mumve za alamu anga a Nangozo, mlongo wawo wa agogo anu. Makolo awo atamwalira, a Nangozo analeredwa ndi agogo anuwo kuyambira ali kamwana, ndipo ankawakonda kuposa bambo wobereka. Sanali munthu woipa, ndinene poti anagona. Kungoti anali ndi pakamwa ngati panga, ndipo miphika iwiri yotentha siikhala pa mafuwa amodzi. Tsiku lina kumudzi wa kuseriku kunali mwambo womanga chiliza, ngoma ikumveka ndi mphepo. Agogo anu ali pakhonde anayamba kuimba. Anaimba nyimbo yonse, m'Chingoni chakale chija chomwe ngakhale iwo sankachimva bwinobwino, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Itatha ndinathamanga n'kuwagwira mapewa, “A Ngozo, mwachira? Dzina langa ndani?” Anandiyang'ana n'kuti eya.

A Nangozo anali pomwepo. Anati, “Munthu woimba nyimbo yonse koma osatha kupempha madzi, ameneyo si matenda. Wamangidwa lilime.” Sanatchule dzina, koma womanga lilime la mwamuna angakhale ndani kupatula amene amamuphikira? Kuyambira tsiku limenelo ndikafika pamjigo nkhani zinkatha.

Zinandipweteka, ana inu, ndipo chondipweteka kwambiri chinali chakuti nanenso sindinkamvetsa. Ndiye ndinatenga envulopu ija n'kupita nayo kukachipatala kathu kwa a Mwale, amene tinkawatcha adokotala ngakhale eni ake ankakana kuti sanafikepo. Anakweza chipepalacho pawindo. Panali timitu tambirimbiri m'mizere, ngati mazira m'thireyi.

“Adokotala,” ndinatero, “amuna anga ali ndi mutu umodzi. Enawa ndi a ndani?”

Sanaseke. Anatuluka, anakatenga mbatatesi m'dengu la mayi wina wodikira sikelo, n'kuidula timagawo topyapyala ndi kampeni, n'kutiyala patebulo. “Makina aja amadula chonchi, mayi, koma ndi kuwala, osati ndi mpeni. Kagawo kalikonse ndi chithunzi chimodzi, kuyambira pansi mpaka paliwombo.” Kenako anandionetsa kachigamba koyera pa zithunzi zinayi zapakati, nati amenewo ndi magazi, mtsempha unaphulika. Anafotokoza katatu, akuloza ndi cholembera. Ine katatu konseko ndinkangoti eya ngati amuna anga.

Maso anga sanapite patali ndi sukulu, koma manja anga anaphunzira kwa mayi. Chinthu chimene sindinachigwire sindinachidziwe. Ndinatola timagawo ta mbatatesi tija n'kutisanjikizanso, mbatatesi inabwerera. Ndinafunsa, “Nanga nditaumba timagawo ta pachipepalapa ndi dothi, n'kutisanjikiza chonchi, kutuluka m'mutu mwa amuna anga?” Apo ndiye anaseka. Kenako anasiya kuseka, nati, “Kaumbeni, mudzandionetse.”

Ndinapachika chipepalacho pawindo la kuchipinda ndi minga iwiri. Timitu tonse tija sindikanatitha, ndinasankhapo tisanu ndi titatu. Kalikonse ndinkakaumba kokhuthala ngati chitumbuwa, kotambalala ngati chikhatho chotambasula. M'kati mwa ubongo muli timapanga ta madzi tooneka ngati gulugufe, ndinatiboola ndi chigoba cha nkhono. Koma makwinya akunja chipepala sichinkawaonetsa bwino, ndiye ndinapita kumsika kwa wopha mbuzi, ndinamuuza kuti andiswere mutu ndi chikwanje mosamala. Inu mukudziwa kuti kuno mutu wa chiweto ndi ndiwo ya amuna. Tsono taganizani mayi wamkulu atakhala kuseri kwa khola, mutu wa mbuzi uli pambale, osauphika, akungouyang'anitsitsa mpaka ntchentche kutopa. Anthu anandiona. Ine sindinawaone, ndinali pasukulu. Makwinyawo ndinawalemba ndi sipoko ya njinga, magazi aja ndinawaumba ndi katondo wofiira.

Ndinasenza zonse m'dengu mpaka kwa a Mwale, ndikuyenda monyada. Anasanjikiza, anazunguza, anagwedeza mutu mosangalala, kenako anati, “Mayi, mwaumba bwino kuposa buku langa. Koma magaziwa mwawaika mbali yolakwika.”

Ndinakwiya. Ndinati pachipepala ali kumanja, dzanja lakufa ndi lamanja, mwendo wakufa ndi wamanja, ine ndalakwa pati? Iwo anaimirira patsogolo panga nati ndiloze dzanja lawo lamanzere. Linali kumanja kwanga. “Chithunzichi chimakuyang'anani ngati munthu amene mwakumana naye m'njira,” anatero. “Magazi ali kumanzere. Ndipo mitsempha yochoka mu ubongo imapingasana isanatsikire m'khosi. Mbali yamanzere imalamula dzanja lamanja, yamanja imalamula lamanzere.” Ndinati amene anakonza zimenezo anali ndi nthawi yambiri. Kenako anagwira chala changa n'kuchiika pambali yamanzereyo, chapamwamba pa khutu, nati mwa anthu ambiri mawu amakhala apa. Anachisamutsira mbali inayo, imene mwa amuna anga inalibe banga, nati nyimbo zimatsamira kwambiri kuno.

Chala changa chinatsalira padothi lozizira. Zimene anandiuza katatu ndi cholembera zinalowa kamodzi kudzera m'chala. Anandiuzanso kuti magaziwo thupi lidzawachotsa lokha pang'onopang'ono, koma pamalopo padzatsala mphako. Ndinafunsa ngati mawu adzabwerere. Anati mwina awiri atatu, tikamawayankhulitsa tsiku ndi tsiku, koma a Ngozo olongolola aja ndisawadikire. Ndinalira njira yonse, dengu lili pamutu, anthu akuganiza kuti ndaswa mtsuko.

Ndinakandanso dothi n'kuyambiranso. Ulendo uno katondo uja ndinamuumba payekha, kuti azilowa ndi kutuluka ngati chitsekero cha botolo. M'zaka zotsatira ndinadzaumba ena ambiri, a Mwale ankaphunzitsira ana asukulu ovala zoyera amene ankabwera kudzazolowera ntchito, ndi mabanja ena a odwala sitiroko. Ena mwa anamwino amene ukawapeze m'zipatalamu, Tadala, anayamba kugwira ubongo wa mtapo wa kudambo kwathu kuno. Usakawauze, angachite manyazi. Koma izo ndi zam'tsogolo, tibwerere ku umene ndinaumba kachiwiri uja.

Lamulo la oumba ndi lakuti chiwiya chachiwisi sichiona dzuwa kapena mphepo, chimang'aluka. Chimauma pang'onopang'ono, mumdima, chitafundidwa kansalu konyowa. Mayi anga ankawonjezera kuti sichionetsedwanso kwa anthu, maso ena ndi otentha. Ndiye ndinayang'ana m'nyumba monse malo amdima, opanda mphepo, osafika nkhuku. Ndinawapeza kunsi kwa bedi la agogo anu. Kansalu ndinalibe, ndinatenga malaya awo akale, poti dzanja lakufa silinkalowanso m'menemo, ndinawanyowetsa n'kukulunga. Ndinachita zonsezi ndi mtima woyera ngati ufa, ndipo mpaka ndinadziyamikira kuti ndine mayi wanzeru.

Patapita masiku anayi ndinapita kuchigayo. A Nangozo anabwera kudzaona achimwene awo, anaona kuti sindinasese bwino, monga ankaonera nthawi zonse, analowetsa tsache kunsi kwa bedi. Pobwera ndinapeza pabwalo padzaza anthu ngati pali maliro. Zovala zanga zinali zitamangidwa kale m'chitenje, mtolo uli pakhomo. Pansi pa mtengo wa mango panali a Sitefano, mkulu wawo wa agogo anu, amene anali nkhoswe ya banja lathu, ndipo patsogolo pawo panali malaya aja ndi zam'kati mwake. Agogo anu anali atawakhazika pampando pambali. Nkhoswe yanga ine inali ku Kandeu, ndipo palibe anaganiza zoidikira. Ndinatuma uthenga kwa a Mwale, yankho linabwera lakuti ali ndi mayi wovutika pobereka, sangachoke.

Mlandu unayalidwa bwino. Mkaziyu anaonedwa akuyang'anitsitsa mutu wa mbuzi kuseri kwa khola. Mkaziyu waumba ubongo wa munthu, wauthira zofiira, waukulunga m'malaya a mwamuna wake, waubisa kunsi kwa pogona pake. Kunena zoona, ana inu, ndikanakhala ine woweruza, ndikanadzithamangitsa dzuwa lisanapendeke. Koma mantha anga sanali pa njira ya ku Kandeu. Anali pa munthu amene anali pampandoyo. Ndani akanadziwa kuti eya wokweza nsidze ndi wa ludzu, eya woyang'ana pansi ndi wofuna kuchimbudzi?

“Mlamu,” anatero a Sitefano, “tiuzeni pamaso pa anthu. Ichi n'chiyani?”

“Ndi m'mutu mwa m'bale wanu,” ndinayankha.

Anthu anati haa! Wina kumbuyo anati wavomera yekha. A Nangozo anagwada pamaso pa agogo anu. “Achimwene, musaope. Mayi awa ndi amene anakumangani lilime?”

“Eya,” anatero agogo anu.

Azimayi ena anayamba kale kugwira pakamwa. Ine ndinatula ufa pansi, ndinagwadanso. “A Ngozo, kodi a Nangozo ndi amene anakumangani lilime?”

“Eya.”

“Nanga a Sitefano?”

“Eya.”

A Sitefano anatsokomola, nati wodwala timusiye apume. Ndinapempha mphasa ndi chipepala chija. Ndinasanjula magawo onse n'kuwayala mumzere, kuyambira la pansi mpaka la paliwombo, ndinakweza chipepala kudzuwa. Ndinati aliyense agwire gawo limodzi alifananize ndi chithunzi chake. Palibe anasuntha. Amuna ovina ndi zishango, akuopa dothi la kudambo komwe ng'ombe zawo zimamwera. Potsiriza a Sitefano, amene anaswa mitu ya ng'ombe yambiri pa moyo wawo, anawerama n'kuyang'anitsitsa makwinya aja. “Komatu akufanana,” anatero chapansipansi. Ananyamula gawo lapamwamba ndi zala ziwiri ngati likutentha. Sanafe. Anapatsira wina.

Ndiye ine, wolekeza Sitandade 2, ndinaphunzitsa mudzi. Ndinawaonetsa gulugufe wa madzi pachipepala ndi padothi. Ndinaimirira patsogolo pawo kuti aloze dzanja langa lamanzere. Ndinagwira chala cha a Sitefano n'kuchiika pamene pamakhala mawu, kenako pamene pamatsamira nyimbo, monga anandichitira a Mwale. Magawo anayenda m'manja mwa anthu, ena akuwanunkhiza. Mkulu wina anadzigwira pamwamba pa khutu lamanzere nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati mankhwala a bipi amaperekedwa tsiku lililonse kapena Lachiwiri lokha.

A Nangozo okha anali atapinda manja. Gawo lokhala ndi katondo litafika pa iwo, analiyang'ana kaye, kenako analilandira.

“Ndiye choipacho ndi chofiirachi?”

“Ndi chimenecho, mlamu.”

“Nanga bwanji osangochichotsa?” Anakolowola ndi chikhadabo, katondo uja anatuluka n'kugwera pamphasa. M'dzanja mwawo munatsala dothi lokhala ndi dzenje.

“Thupi likuchotsa lokha,” ndinatero. “Chotsala ndi chimene mwagwiracho.”

“M'dzenjemu mudzalowa chiyani?”

“Madzi.”

“Nanga mawu a achimwene?”

“Mawu anali momwemo, mlamu.”

Analowetsa chala m'dzenjemo, anachizunguza pang'onopang'ono ngati akufuna kanthu kotsalira. Kenako nkhope yawo inagwa, analira ngati mwana wamng'ono, mamina ndi misozi, dothi lili m'manja.

“Ine ndimafuna mukhale mfiti, mlamu,” anatero. “Mfiti timaigwira mwendo, imamasula. Nanga dzenje ndiligwira mwendo pati?”

Mkwiyo wonse umene ndinausunga miyezi itatu unathera pomwepo. Ndinawamvera chisoni kuposa mwini wanga, chifukwa ine ndinali nditalira kale panjira ya kuchipatala, iwo anali akuyamba kumene. Anthu anabalalika mmodzimmodzi. A Sitefano sanagamule kanthu, anangonena kuti kukubwera mvula, ngakhale kumwamba kunalibe mtambo. Mtolo wanga palibe anaukhudza, ndinaumasula ndekha.

A Nangozo sanandipepese, mpaka analowa m'manda osapepesa, ndipo tinapitiriza kukangana za kasesedwe. Koma m'mawa mwake, ndikulimbana ndi kudzutsa agogo anu kuti akaothere dzuwa, ndinamva chitseko chikutseguka popanda odi. Analowa osandipatsa moni, anapita mbali yakufayo, anakoleka dzanja lija pakhosi pawo. Ine ndinagwira mbali yamoyo. Tinawanyamula chomwecho m'mawa uliwonse, zaka zisanu ndi chimodzi.